Kilatchi ya njinga yamoto ku Makhanga: zoyenera ndi zosayenera

Ku Makhanga, kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, njinga ya kabaza imalimbana ndi mchenga, matope ndi matumba a chimanga, ndipo choyamba kutopa ndi kilatchi. Chidukireni msewu ndi njanji pa Mtayamoyo mu 1997, wofuna sipeya ku Bangula amayamba wakwera bwato. Ndiye mukatsegula injini, konzani zoti musadzatsegulenso mawa.

Musanamasule bawuti

Zoyenera: Injini ikamalira kwambiri koma liwiro osaoneka, yambani mwaona kebulo. Pa njinga zambiri zazing'ono, chogwirira kilatchi chimafuna mpata wa mamilimita 10 mpaka 20 chisanayambe kukoka.

Zosayenera: Musathamangire kugula mapuleti. Kebulo yothina imachititsa kilatchi yabwinobwino kuterera.

Mapuleti

Zoyenera: Mapuleti atsopano anyikeni mu oilo kwa maola angapo musanawaike. Mapuleti achitsulo agonekeni pagalasi. Yopindika siikhazikika, ndipo yooneka yabuluu ndiye kuti inapsa.

Zosayenera: Musasakanize atsopano ndi otha. Mutu umodzi susenza denga: puleti imodzi yatsopano pakati pa zakutha imangonyeka msanga.

Masipuling'i

Zoyenera: Sinthani onse pamodzi, ndipo mabawuti ake muziwamanga pang'onopang'ono, ili kenako loyang'anizana nalo.

Zosayenera: Musaike mawashala pofuna kulimbitsa sipuling'i yofooka. Musamangitsenso, chifukwa timabawutito sitichedwa kuduka.

Basiketi ndi giya yochokera ku kilankishafuti

Zoyenera: Pitsani chala m'mphepete mwa zala za basiketi. Timaenje tosazama mungatisalaze ndi fayilo. Tikazama, kapena giya yakumbuyo kwake ikamagwedera, gulani ina. Pomasula nati, gwiritsani ntchito chida chogwirira kilatchi.

Zosayenera: Musapanikize sikuludiraiva pakati pa mano a magiya. Dzino limodzi likabenthuka, tizidutswa take tizungulira injini yonse.

Oilo ndi gasiketi

Zoyenera: Thirani oilo wa njinga zamoto wolembedwa JASO MA, ndipo ikani gasiketi yatsopano. Dzuwa la ku Chigwa cha Shire mu Okutobala limapyola madigiri 40, choncho musamachedwe kusintha oilo.

Zosayenera: Musathire oilo wa galimoto, chifukwa wina amaterera kwambiri mwakuti mapuleti sagwirana. Musagwirire ntchito pamchenga. Yalani thumba loyera.

Njinga ikamira

Zoyenera: Amene anaona madzi a mu Januwale 2015 kapena a namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti njinga nayo imamwa. Oilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, mukhetseni, chotsani pulagi kuti madzi atuluke, tsukani mapuleti, ndipo musinthenso oilo mutayendako pang'ono.

Zosayenera: Musailize kuti "muone ngati ili moyo". Komanso ikatitimira m'matope, musamapsetse kilatchi poikakamiza: tsitsani katundu, pemphani wokwera atsike, mukankhe.