Buledi tizimusunga pati? Mu jumbo achita chuku, m'firiji alimba

Mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osalekeza kuno ku Masasa, mng'ono wanga wa Fomu 2 anandidzutsa m'mawa ndi nkhani yosasangalatsa. "Achimwene, buledi uja wachita chuku." Tinali titagula malofu awiri Loweruka pagolosale ya kumtunda kwathu, poganiza kuti atifikitsa Lachitatu. Lofu yoyamba tinadya bwinobwino. Yachiwiri inali mu jumbo yomanga bwino pamwamba pa kabati, koma pofika Lachiwiri inali itatuluka timadontho tobiriwira ndi takuda. Tsikulo tinamwa tiyi wopanda chomwera, ndalama n'kupita kudzala.

Sabata yotsatira mnyamatayo anati wachenjera, anaika buledi m'firiji. Chuku sichinabweredi, koma patangopita masiku awiri buledi anali gwa, akunyenyeka ngati wa sabata yatha. Ndiye anafunsa funso lomwe ndikufuna tiliyankhe limodzi lero: "Nanga tizimusunga pati?"

Yankho lake lagona pa mfundo imodzi. Buledi ali ndi adani awiri osiyana, kulimba ndi chuku, ndipo nthawi zambiri njira yothamangitsira mdani mmodzi ndi yomwe imaitana mnzakeyo. Mukamvetsa momwe madzi ndi kutentha zimayendera m'kati mwa lofu, mudzatha kusankha nokha njira yoyenera pakhomo panu.

Muli chiyani m'kati mwa lofu?

Gawo lalikulu la ufa wa tirigu ndi sitachi, monganso ufa wa chimanga kapena wa chinangwa. Mu ufa wosaphika, sitachi amakhala m'timibulu ting'onoting'ono tolimba, ndipo mamolekyu ake amakhala othithikana mwadongosolo. Mukaika madzi n'kutenthetsa kupitirira cha m'ma 60°C, timibulu tija timamwa madzi, kufufuma, ndipo mamolekyu aja amamasuka. Zimenezi mumaziona tsiku lililonse pophika nsima: phala limayamba lamadzimadzi, kenako limakhuthala. M'mabuku a sayansi kusinthaku amakutcha gelatinisation.

Buledi wongotuluka mu uvuni amafewa chifukwa cha zimenezi. Ngakhale amaoneka wouma m'manja, madzi amapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Werengani nokha: lofu ya magalamu 600 ili ndi madzi oposa magalamu 200, pafupifupi kapu ya tiyi. Nkhani yonse ya kasungidwe ka buledi ndi nkhani ya komwe madzi amenewa akupita.

Mdani woyamba: kulimba

Ambiri timaganiza kuti buledi amalimba chifukwa choti madzi ake auluka basi. N'zoona kuti ena amauluka. Mukasiya chidutswa pambale osavundikira, mamolekyu a madzi omwe ali ndi mphamvu zambiri amachoka n'kulowa mumpweya, zomwe m'kalasi timazitcha evaporation. Koma si nkhani yonse ayi.

M'chaka cha 1852, wasayansi wa ku France dzina lake Jean-Baptiste Boussingault anatsekera buledi m'chiwiya chosalowa kapena kutuluka mpweya. Madzi analibe kothawira, komabe buledi uja analimba. Atamutenthetsanso mpaka cha m'ma 60°C, anafewanso. Apa zinaonekeratu kuti pali china chomwe chimachitika m'kati, osati kuuluka kwa madzi kokha.

Chinthu chimenechi inu mukuchidziwa kale, dzina lake ndi mkute. Nsima ya usiku, ngakhale muivundikire bwanji, m'mawa imakhala italimba moti mutha kuidula ndi mpeni. Mukaitenthetsa imafewanso. Chimachitika n'chakuti sitachi akazizira, mamolekyu ake omwe anamasuka aja amayamba kubwerera pang'onopang'ono m'mizere yawo yothithikana, n'kumakankhira madzi pambali. Dzina lake ndi retrogradation, kutanthauza kubwerera m'mbuyo. Buledi wolimba ndi mkute wa tirigu, basi.

Madzi okankhidwa aja amasuntha kuchoka pakati pa lofu, pomwe ali ambiri, kupita kukhungu lofiirira la kunja, komwe ali ochepa. Imeneyi ndi diffusion. N'chifukwa chake buledi wa dzana amakhala wonyenyeka m'kati koma kunja kwake kuli kotanuka ngati chikopa.

Tsopano nayi mfundo yomwe inamupusitsa mng'ono wanga. Kubwerera m'mizere kwa sitachi kumafulumira kwambiri pamalo ozizira koma osafika poumitsa madzi, ndipo m'firiji mumakhala cha m'ma 4°C, penipeni pomwe vutoli limakonda. Kumbukirani kinetic theory. Pamalo otentherako mamolekyu amanjenjemera kwambiri, ndiye amachedwa kukhazikika m'mizere. Pa 4°C amanjenjemera pang'ono, komabe amatha kusuntha, choncho amalowa m'mizere mwachangu. Koma mufiriza, pa -18°C, madzi ambiri amasanduka ayezi ndipo mamolekyu sangathenso kusuntha kuti akafole. Kulimba kumaima. Mwaonatu, firiji ndi firiza zili pachitseko chimodzi koma kwa buledi n'zosiyana kutalitali.

Mdani wachiwiri: chuku

Chuku ndi chamoyo, cha m'gulu limodzi ndi bowa. Chimafalikira ndi timbewu tosaoneka ndi maso, ma spore, tomwe tili paliponse: mumpweya, m'manja, pampeni, pansalu yopukutira mbale. Kutentha kwa mu uvuni kumapha timbewu tomwe tinali mu ufa, choncho chuku chomwe mumachiona chimachokera ku timbewu tomwe tinagwera pa buledi atatuluka kale. Kuti timere timafuna chakudya, kufunda ndi chinyezi. Chakudya chilipo kale. Kufunda ndi chinyezi ndife timapereka.

Apa fizikisi ikubweranso. Mpweya wotentha umasunga nthunzi ya madzi yambiri kuposa wozizira. Pa 30°C, kiyubiki mita imodzi ya mpweya itha kusunga magalamu pafupifupi 30 a nthunzi. Pa 20°C imasunga pafupifupi 17, ndipo pa 10°C pafupifupi 9 okha. Mpweya wodzaza nthunzi ukazizira, yotsalayo imasanduka madontho. Imeneyi ndi condensation, yomwe imachititsa kuti malata azidontha m'bandakucha ngakhale kunja kusakugwa mvula.

Ganizirani tsopano buledi wofunda womangidwa mu jumbo. Nthunzi ikutuluka mu lofu ilibe kopita. Usiku kukazizira, madontho amakhala m'kati mwa jumbo n'kunyowetsa khungu la buledi. Jumbo ikakhala pafupi ndi mbaula kapena pawindo lowomba dzuwa, masana imatentha, usiku imazizira, ndipo tsiku lililonse madontho atsopano amapangika. Kwa chuku amenewo ndi madyerero.

Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo nonse mukudziwa momwe nyengo yathu imakhalira. Kuyambira Disembala mpaka Epulo mvula imagwa yambiri, zovala zimakana kuuma, nsapato pansi pa bedi zimachita chuku. Nyengo imeneyi mdani wamkulu wa buledi ndi chuku. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, chuku chimachedwerapo koma buledi amalimba msanga. Mu Okutobala kumauma, ndipo chidutswa chosavundikira chimauma pa maola ochepa. Kasungidwe kayenera kutsata nyengo.

Buledi wa m'mafakitale akuluakulu amakhalitsako chifukwa ambiri amaikamo mankhwala oletsa chuku otchedwa calcium propionate. Mukagula lofu yokhala ndi zolemba papepala lake, werengani mndandanda wa zomwe aikamo muone ngati dzinali lilipo. Masikono ndi buledi wa m'mauvuni a m'makwalala nthawi zambiri sakhala ndi mankhwalawa, ndiye safunika kusunga masiku ambiri.

Kodi tingangodula pomwe pali chuku?

Ayi. Chomwe mukuona pamwamba ndi mbali yobereka chabe. Pansi pake pali timaulusi toonda kwambiri tomwe timalowerera m'timabowo ta buledi kutali ndi pomwe pali dontho. Chuku chakuda chokhala ngati thonje nthawi zambiri ndi Rhizopus stolonifer, chobiriwira nthawi zambiri ndi cha mtundu wa Penicillium, ndipo palinso mitundu ya Aspergillus. Mitundu ina imatulutsa poizoni yemwe satha ndi kuwamba pamoto. Alangizi a zaulimi amatichenjeza za chuku cha mtedza ndi chimanga chifukwa cha poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi. Ndi maso simungasiyanitse chuku choopsa ndi chosaopsa.

Wina m'kalasi anandiuza kuti, "Sala, koma penicillin anachokera ku chuku." Zoona, Alexander Fleming anatulukira zimenezi ku London mu 1928. Koma mankhwala a kuchipatala amapangidwa kuchokera ku mtundu wosankhidwa, n'kuyeretsedwa, n'kuyezedwa mlingo. Buledi wachuku si mankhwala. Mutayeni, musamununkhize, ndipo musapatse nkhuku.

Ndiye tichite bwanji?

Choyamba, gulani wokwanira masiku awiri kapena atatu. Tirigu wambiri yemwe timagwiritsa ntchito m'Malawi amachokera kunja, n'chifukwa chake buledi si wotchipa. Kugula hafu n'kumaliza kuli bwino kuposa kugula lofu yathunthu n'kutaya theka.

Chachiwiri, musamange buledi wofunda mu jumbo. Musiyeni azizire kaye, mutamuphimba ndi nsalu yoyera youma. Mukaona madontho m'kati mwa pepala lomwe mwagulira, mutulutseni, pukutani pepalalo kapena sinthani lina louma.

Chachitatu, sankhani malo. Pakhale pamthunzi, pouma, kutali ndi mbaula, windo ndi ndowa ya madzi. M'nyengo yadzinja musamange jumbo mothinitsa. Siyani kampata kuti nthunzi izituluka, kapena kulungani buledi m'nsalu youma n'kumuika m'chidebe chokhala ndi chivundikiro chosathina, chomwe chimatetezanso ku nyerere ndi makoswe. M'chilimwe mangani jumbo bwinobwino, chifukwa nthawi imeneyo vuto ndi kuuma.

Chachinayi, gwirani buledi ndi manja osamba ndi ouma, ndipo dulani ndi mpeni woyera. Lofu yosadula imakhalitsa kuposa yodulidwa kale, chifukwa zidutswa zambiri zimapereka malo ambiri otulukira madzi ndi ogwerapo timbewu ta chuku.

Chachisanu, ngati kwanu kuli firiza, dulani buledi tsiku lomwe mwagula, gawani m'timapepala ta zidutswa zokwanira chakudya chimodzi, tulutsani mpweya, mangani n'kuika mufiriza. Potulutsa tengani kapepala kamodzi, kasiyeni kasungunuke kali komanga. Magetsi akathima musamatsegule chitseko pafupipafupi. Firiji wamba igwiritseni ntchito pokhapokha ngati kuli chinyezi chambiri, mulibe firiza, ndipo mwavomereza kuti buledi wanu muzimuwamba musanadye.

Chachisanu n'chimodzi ndi cha ife ambiri omwe tilibe firiji. Mukaona kuti buledi watsala ndipo simumaliza, musadikire chuku. Dulani zidutswa zopyapyala, ziumitseni pachiwaya pamoto wochepa mpaka ziume gwa, zisiyeni zizizire, kenako zitsekereni m'botolo louma. Nzeru yake ndi yomweyo ya mfutso ndi usipa wouma wochokera ku Nkhata Bay: chopanda madzi chuku sichimerapo. Zoviika mu tiyi zimenezo.

Nanga buledi wolimba kale koma wopanda chuku? Tsatirani Boussingault. Wazani timadontho ta madzi, muikeni mupoto wovundikira pamakala ochepa kwa mphindi zingapo. Akapitirira 60°C, sitachi amamasukanso. Koma mudyeni nthawi yomweyo, chifukwa akazizira amalimba kuposa poyamba, popeza madzi ena auluka potenthetsa paja.

Yesani nokha

Tengani zidutswa zinayi zofanana kukula kuchokera pa lofu imodzi. Choyamba siyani pambale osavundikira. Chachiwiri mangani mu jumbo yoonekera n'kusiya pakabati. Chachitatu mangani mu jumbo n'kuika m'firiji, chachinayi mufiriza. Ngati kwanu kulibe firiji, gwirizanani ndi mnzanu kapena pemphani kwa anansi. Musanayambe, pemphani aphunzitsi akuthandizeni kuyeza kulemera kwa chilichonse pasikelo ya mu labotale, ndipo muyezenso pakatha masiku atatu. Poyesa kufewa, dikirani zidutswa zozizira zifike pa kutentha kwa m'chipinda, kenako dinani chilichonse ndi chala n'kuona ngati chikubwerera. Jumbo yomwe mwaona chuku musaitsegule. Onani kudzera papepala, kenako itayeni yomanga.

Polemba lipoti yankhani mafunso awa. Ndi chidutswa chiti chataya kulemera kwambiri, ndipo madzi ake apita kuti? Chidutswa cha m'firiji chalimba koma kulemera kwake sikunasinthe kwenikweni: zimenezi zikutiuza chiyani? Ndi zinthu ziti zomwe munazisunga mofanana kuti kuyesaku kukhale kwachilungamo? Mukanayesa mu Febuluwale n'kubwerezanso mu Julayi, mukuganiza kuti chikanasiyana n'chiyani?

Mng'ono wanga anayesa zimenezi, ndipo masiku ano ndi iye amayang'anira za buledi pakhomo. Dzinja lino amagula hafu, amakana wofunda womangidwa kale, ndipo wotsala amaumitsa pachiwaya Lamlungu madzulo. Yesani nanunso, mubwere ndi manambala anu m'kalasi tidzafananize.