Kanyama kodulidwa kuchipatala kamapita kuti?

Amayi, ambiri mwa inu munayezetsapo khansa ya khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito viniga. Namwino akaona kachilonda kakang'ono amakawotcha tsiku lomwelo. Koma chilonda chikakhala chachikulu kapena chokayikitsa, adokotala amadula kanyama kochepa ngati njere ya mpunga kuti kakapimidwe. Apa ndi pamene mantha ndi mphekesera zimayambira, mpaka ena sabwereranso kukamva zotsatira. Phunziro la mwezi uno likulongosola ulendo wa kanyamako ndi anthu amene amakagwira.

Ulendo wake

Kanyamako amakaika m'kabotolo ka mankhwala a formalin kuti kasawole, n'kulembapo dzina lanu. Kuchoka kuno ku Mangochi kamatumizidwa ku labotale ya mumzinda, monga ku Blantyre. Kumeneko katswiri wa mulabotale amakachotsa madzi, kukaumitsa m'phula, ndi kukasenda tizidutswa topyapyala kuposa tsitsi. Tizidutswato amatiyala pa kagalasi n'kutithira utoto kuti maselo aoneke bwino. Pomaliza dokotala amene anaphunzira za matenda a m'maselo amayang'ana pa maikulosikopu n'kulemba chimene wapeza.

Chifukwa chake n'kofunika kwa ife a kunyanja

Timachapa, kusamba ndi kutsuka mbale m'nyanja ya Malawi, m'Shire ndi ku Malombe, kumene kuli nkhono zofalitsa likodzo. Mazira a likodzo amatha kukhazikika pa khomo la chiberekero n'kuyambitsa zilonda, chikazi chachilendo ndi kutaya magazi. Ndi maso chabe, zimenezi zimafanana ndi khansa kapena matenda opatsirana pogonana, ndipo m'mabanja ena zimadzetsa kuganizirana zoipa. Pa maikulosikopu mazirawo amaoneka, ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo. Ikakhala khansa, kuidziwa msanga kumapereka mpata wa opaleshoni isanafalikire.

Akatswiriwa amaphunzira bwanji?

Ntchito ya mulabotale imaphunziridwa ku Malawi College of Health Sciences, ku Malamulo, ndi ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Koma amene wazolowera kupima magazi ndi malungo amafunika maphunziro ena apamwamba kuti adziwe kukonza minofu. Akasenda mokhuthala kapena kulakwitsa utoto, dokotala sangaone bwino. Dokotalayo nayenso amaonjezera zaka zingapo za maphunziro atamaliza udokotala wamba.

Anthu oterewa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, n'chifukwa chake zotsatira zimatha masabata. Mu 2011 chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chinatsegula labotale yotere mothandizana ndi University of North Carolina ya ku America, ndipo madokotala a mbali ziwirizi amakambirana zithunzi za maselo pa intaneti.

Zoyenera kuchita

1. Ngati muli ndi zaka 25 mpaka 49, kayezetseni ngakhale simukumva kupweteka. Amene muli ndi HIV musadumphe tsiku limene mwauzidwa, pakuti khansayi imakula msanga chitetezo chikatsika.
2. Akakudulani kanyama, funsani tsiku lobwerera, lilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo siyani nambala ya foni imene imapezeka.
3. Zotsatira zikachedwa, pitirizani kufunsa. Mnzanu wa mumphakati akasowa thiransipoti, sonkhani.
4. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Onetsetsani kuti ana anu alandira.
5. Mtsikana wokonda Biology ndi Chemistry mulimbikitseni. Dziko likusowa manja ake.

Zokambirana pa msonkhano

Werengani Marko 5:25-34, nkhani ya mayi amene anataya magazi zaka 12. N'chiyani chimalepheretsa amayi a m'parishi mwathu kuulula vuto lotere? Ndani mwa ife akudikira zotsatira, ndipo adzamuperekeza ndani?