Aphunzitsi a M'nkhalango

Kutali kum'mawa kuli dziko lotchedwa Thailand. Anthu ambiri a kumeneko atsata chiphunzitso cha Buddha, mphunzitsi amene anakhala kumpoto kwa India zaka ngati 2,500 zapitazo. Iye anaphunzitsa kuti masautso a munthu achokera m'chilakolako cha mtima wosakhuta, ndi kuti mtimawo ukhoza kuwetedwa.

Amuna ena a dzikolo asiya nyumba ndi chuma, nameta mitu yawo, napita kukakhala m'nkhalango. Amenewa atchedwa amonke. Mtsogoleri wawo womveka anali Ajahn Mun, amene anamwalira mu 1949. Liwu lakuti Ajahn ndiye kuti mphunzitsi. Mmodzi wa ophunzira ake anali Ajahn Chah, mwana wa alimi, wobadwa mu 1918. Mu 1954 iye anakhazikitsa malo a amonke otchedwa Wat Nong Pah Pong, pafupi ndi mudzi wa kwawo.

Tsono taonani makhalidwe awo. Mmonke asunga malamulo 227. Salandira ndalama, ndipo sasunga chakudya cha mawa. Mbandakucha ayenda m'mudzi wopanda nsapato, mbale ili m'manja, osapempha kanthu. Ndipo eni mudzi amuikiramo mpunga mwa kufuna kwawo. Adya kamodzi kokha, dzuwa lisanafike pamutu. Pambuyo pake asesa m'njira, nachapa zovala zake.

Ajahn Chah sanawerenge ntchito zimenezi ngati zachabe. Anaphunzitsa kuti nzeru ya m'buku yokha siweta mtima. Munthu ayenera kuyang'anira mtima wake posesa, pakudya ndi poyankhula. Ndipo mkwiyo ukadza, auone, aupirire kufikira utapita, pakuti palibe chodza mumtima chimene chikhalitsa. Kwa eni mudzi anaphunzitsa malamulo 5 a Buddha: kusapha, kusaba, kusachita chigololo, kusanama ndi kusamwa zoledzeretsa. Iye anamwalira mu 1992, koma ophunzira ake anafikitsa njirayi ku Britain ndi maiko ena.

Ana inu, mnzanu akakutukwanani pabwalo, dzanja lifulumira kuposa nzeru, ndipo ubwenzi wa zaka ungathe tsiku limodzi. Yambani mwaima, muone chimene chilikuchitika mumtima mwanu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

MAFUNSO
1. Kodi liwu lakuti Ajahn litanthauza chiyani?
2. Mmonke apeza bwanji chakudya chake?
3. Tchulani malamulo 5 a eni mudzi.