Mleme womaliza wa pa Christmas Island

Usiku wa pa 26 Ogasiti 2009, makina omvera kulira kwa mileme anagwira mawu a kamleme kamodzi kakuuluka m'nkhalango ya pa Christmas Island. Kanali kokhakokha. Akatswiri anali atagona kutchire mausiku ambiri akukatchera maukonde, koma iko kankangowalambalala. Usiku wotsatira makina aja anangoti zii. Kuyambira pamenepo mleme wa mtundu umenewu, wolemera magalamu atatu okha, sunamvekenso kwina kulikonse padziko lapansi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mlemewu unathera m'manja mwa oteteza. Christmas Island ndi chilumba cha dziko la Australia chimene chili m'nyanja ya Indian Ocean, makilomita pafupifupi 350 kumwera kwa Java, ndipo gawo loposa theka la chilumbachi ndi malo otetezedwa ndi boma. Alonda a nkhalango analipo, malamulo analipo, ndalama nazo dziko ngati Australia silingazisowe. Mlendo wofika lero amaona nkhalango yobiriwira, mbalame za kunyanja ndi madzi oyera mbee. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pachilumbachi mwambiwu ndi woona ndithu mmene ukumvekeramo.

Mavuto anabwera pa sitima zapamadzi. Anthu atayamba kukumba miyala ya fosifeti yopangira feteleza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makoswe akuda anatsika padoko atanyamula matenda, ndipo m'zaka zochepa mitundu iwiri ya makoswe a pachilumbapo inatha psiti.

Kenaka zinafika nyerere zachikasu, zamiyendo italiitali, zoyenda mobalalika ngati zapenga. Zinakhala zaka makumi ambiri osavuta munthu, mpaka zinagwirizana ndi tizilombo tina tobweranso toyamwa madzi a mitengo. Tizilomboti timatulutsa timadzi totsekemera, nyerere zimamwa, n'kumatiteteza kwa adani ake. Chakudya chitachuluka chonchi, m'zaka za m'ma 1990 nyererezi zinaswana n'kudzaza nkhalango zathunthu.

Amene anavutika nazo kwambiri ndi nkhanu zofiira, zomwe ndiye eni chilumbachi. Zimakhala m'maenje m'nkhalango, ndipo mvula yoyamba ikagwa, cha mu Okutobala kapena Novembala, zimatuluka mamiliyonimiliyoni kulowera kunyanja kukaswana. Misewu imafiira, ina imatsekedwa, ndipo pena anazimangira milatho yakeyake yowolokera. Nkhanu yaikazi imodzi imatha kukhuthulira m'madzi mazira okwana 100,000. Tsopano taganizani nkhanu ili paulendo umenewu n'kulowa m'dera la nyerere. Zimaiunjikira ngati linthumbu, kuipopera asidi m'maso ndi m'kamwa, iyo n'kuchita khungu, kutuluka thovu, kufa. Nkhanu zinafa mamiliyoni ambiri. Ndipo popeza nkhanu ndizo zimasesa nkhalango podya masamba ogwa ndi timitengo tongomera kumene, pamene zinatha pansi panamera zitsamba zowirira, nkhalango n'kusintha nkhope. Mu 2002 alonda anayamba kumwaza nyambo ya poizoni ndi helikopita. Nyerere zinkafa, pakapita zaka n'kubwereranso. Mu 2016 anabweretsa timavu tating'onoting'ono kuchokera ku Malaysia kuti tizipha tizilombo topatsa nyerere chakudya tija.

Pamene maso onse anali pa nkhanu, mileme inali kutha mwakachetechete. Koma sinathe mobisika ayi. Kuyambira mu 1994 akatswiri ankaiwerenga, ndipo chaka ndi chaka ankalemba kuti yachepa, kuti yasowa kum'mawa kwa chilumba, kuti yangotsala pakangodya kena chakumadzulo. Ankakayikira njoka ina ya ku Asia yomwe inafika m'zaka za m'ma 1980, anankalizi akuluakulu, amphaka olowerera kutchire, ndi nyerere zomwe zija. Pofika 2006 mawu anali atamveka kale akuti tigwireko ina tiiwete m'khola isanathe. Mu Januwale 2009 katswiri wa mileme Lindy Lumsden anapita kukaona, n'kubwerako ndi uthenga woti mwina yatsala yosapitirira 20, ndipo ikapanda kugwidwa msanga itha chaka chomwecho.

Boma silinakane. Mvetsetsani pamenepa, owerenga, chifukwa ngozi yagona apa. Linakhazikitsa gulu la akatswiri loti liunike nkhaniyi, ndipo linati payambe payesedwa kuweta mileme ya mtundu wina wofanana nayo, kuopa kuti yotsalayo ingafere m'khola. Ganizo lililonse palokha linkamveka lanzeru. Ndani angadzudzule munthu wofuna kuyamba watsimikiza? Koma zengerezu adalinda kwawukwawu. Chilolezo chochokera kwa nduna ya zachilengedwe, Peter Garrett, chinatuluka mu Julayi, ndipo pamene gulu lokagwira linkafika mu Ogasiti, linapeza kamleme kamodzi kaja.

Ine sindikhulupirira kuti panali munthu woipa mtima pankhaniyi. Ndikuona anthu amene ankaopa kulakwa pochita chinthu kuposa kulakwa posachita kanthu. Mleme ukafera m'khola pamakhala woloza chala. Ukafera kutchire, palibe amene dzina lake limatchulidwa. Aliyense amene anakhalapo mu komiti, kaya ya nkhalango ya m'mudzi kaya ya asodzi kunyanja, akudziwa mmene mawu oti "tidikire lipoti" amatsitsira mtima pansi, anthu n'kumwazikana akuona ngati agwira ntchito.

Umboni woti kuchita changu kukanathandiza uli pachilumba chomwecho. Chaka chomwecho cha 2009, alonda anayamba kugwira abuluzi a mchira wabuluu ndi analimata a mtundu wotchedwa Lister amene nawonso ankatha. Anawaweta pachilumbapo ndi ku Taronga Zoo ku Sydney, ndipo anaswana bwino. Kutchire kwawo anatheratu, koma mtundu ulipo, moti mu 2019 ena mwa abuluzi aja anakawatulira pakachilumba kena ka ku Cocos (Keeling) Islands komwe kulibe njoka ija.

Mu 2022 boma la Australia linakhazikitsa malo otetezedwa a m'nyanja kuzungulira Christmas Island, aakulu kuposa masikweya kilomita 270,000. N'chinthu chabwino, ndipo ndikuchiyamikira. Madzi amenewo ndiwo amalera ana a nkhanu asanakwere kumtunda. Koma mzere wojambulidwa pamapu suletsa nyerere kutsika m'katundu padoko, ndipo nkhalango nayo inali yotetezedwa kale pamene mleme unkatha.

Panalinso buluzi wina wa m'nkhalango yomweyo amene alonda anachedwa naye. Pamene ankapita kukamufuna, anangopeza owerengeka, aakazi okhaokha. Womaliza anamupatsa dzina loti Gump. Anakhala m'khola zaka zingapo, akudyetsedwa bwino, pamene alonda ankasakasaka wamwamuna m'nkhalango monse osamupeza. Gump anafa pa 31 Meyi 2014.