Sipika ibisike kumaso, isabisike kukhutu: malangizo kwa eni mabakkie akale ku Mamelodi

Mukaima pa Tsamaya Avenue Loweruka m'mawa, sipapita nthawi musanaone ka Nissan 1400 kakudutsa, kumbuyo katasenza mchenga, firiji kapena katundu wa munthu amene akusamuka. Kagalimoto aka kankapangidwa ku Rosslyn, ku Pretoria komwe kuno, ndipo kanasiya kupangidwa mu 2008, koma mpaka lero kakudyetsa mabanja, ena mwa iwo a Amalawi anzathu odalira maganyu onyamula katundu. Anzake ndi Ford Bantam, imene inasiya kupangidwa mu 2011, Mazda Rustler, komanso ma Hilux ndi ma Isuzu KB akale.

Munthu woswera m'galimoto amafuna nyimbo, makamaka m'dera limene dzina lake limatanthauza mayi wa nyimbo, kwawo kwa Philip Tabane ndi Vusi Mahlasela. Koma nyimbo zoonekera pawindo zimaitana alendo osawafuna. Mnansi wanga wina, wa kwathu ku Mangochi, anagula masipika awiri aakulu n'kuwakhazika pamwamba pa mpando, pagalasi lakumbuyo, kuti aliyense aone. Sanathe nawo mwezi. Tsiku lina m'mamawa ndinamupeza akusesa magalasi pabwalo, mawaya ali lendelende pamene panali wailesi.

"Achimwene," anatero, "masipikawo sakundiwawa kwenikweni. Chikundiwawa ndi galasili. Lero ntchito ndigwira bwanji, nanga mvula ikabwera?"

Choona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kubisa masipika kumateteza galasi, kumasunga malo m'kabini yopanikiza kale, komanso kumasunga mtengo wa galimoto, poti wogula bakkie yakale amakonda imene zitseko ndi dashibodi sizinachekedwe. Ntchitoyi mungaigwire nokha pakhomo masiku awiri.

Yambani ndi tepi yoyezera, kushopu mupite pambuyo

Ambiri amalakwa pogula kaye masipika kenako n'kumafunafuna powaika. Khalani pampando monga mmene mumakhalira poyendetsa, muukankhe kufika pamene miyendo imamasuka, kenako muyeze mpata wotsala kuseri kwake. Muyeze pansi ndi pamwamba, chifukwa mpatawo umakhala wotakata pansi, wopyapyala pamwamba. Muyezenso pansi pa mpando, mukukumbukira kuti munthu wonenepa akakhalapo masipiring'i amatsika.

Chekani katoni kukula ngati bokosi limene mukuganiza, mumuike pamalopo. Mutavala nsapato zanu zantchito, pondani kilatchi ndi buleki mpaka pansi. Phazi likangokhudza katoni, malowo ndi olakwika. Onetsetsaninso kuti jeke, sipanala ya matayala, kabokosi ka mafyuzi ndi chotsegulira boneti zikufikirika.

Mukatero, pemphani mwana athire ndowa ya madzi pagalasi lakutsogolo inu muli m'kati, muone pamene pakudontha. Labala wa galasi la galimoto yakale amakhala atauma, ndipo mvula ya kuno, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, imabwera ndi mphepo ndi matalala. Konzani podontha musanaikepo chilichonse.

Mawu oonda patsogolo, bezi kumbuyo

Mfundo imodzi mukaigwira, zonse zikhala zosavuta. Mawu oonda, monga liwu la woimba, gitala ndi zisekese, amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi: akakumana ndi mpando amathera pomwepo. Bezi amadutsa siponji ndi nsalu, ndipo khutu silizindikira msanga kumene akuchokera. Choncho tinthu ting'onoting'ono totulutsa mawu oonda tikhale kutsogolo, poyang'ana anthu, ndipo chachikulu chogunda bezi chibisike kumbuyo kapena pansi.

Malo oyamba ndi kumapazi, pakhoma la m'mbali patsogolo pa chitseko. Apa pamakwana sipika ya mainchesi 4, amene ndi masentimita 10, ndipo pagalimoto zina ya mainchesi 5.25. Chotsani chophimba chakale, muchisunge bwino, ndipo mujambule chofanana nacho pa pulayi. Sipika imangidwe pa pulayiyo, yopendekera m'mwamba kulunjika pakati pa kabini. Pulayi mummange m'mabowo akale omwewo.

Malo achiwiri ndi dashibodi. Magalimoto ambiri akale anabwera ndi sipika imodzi yokha, ndipo bowo lake ndi sefa yake zimakhala zikadalipo. Ngati yanu ili choncho, chotsani sipika yakufayo, muike tiwiri ting'onoting'ono pakathabwa kamodzi, kapena imodzi yokhala ndi polumikizira mawaya a mbali zonse ziwiri. Ma tweeter, timasipika ta mawu oonda, amene kukula kwake sikusiyana kwambiri ndi ndalama yachitsulo ya R5, mungawabise m'makona a dashibodi kapena m'munsi mwake moyang'ana kwa inu. Musawaike pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, guluu wake amasungunuka.

Malo achitatu ndi kuseri kwa mpando. Apa ndi pa sipika za mainchesi 6.5 kapena 6x9, m'mabokosi opyapyala okhala pansi penipeni, osafika pagalasi. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa nkhope ya sipika ndi msana wa mpando, apo ayi pepala lake lizigunda mpando mpaka kung'ambika.

Malo achinayi ndi pansi pa mpando. M'mashopu a zoimbira za m'galimoto muli ma subwoofer, masipika ogunda bezi, afulati a mainchesi 8, okhala ndi ampulifaya yake m'kati, otalika masentimita 7 kapena 8 okha. M'kabini ya anthu awiri kapena atatu, imodzi yotere imakwana kumveketsa log drum ya amapiano. Muikhazike patimiyendo ta labala kuti chinyontho cha pansi chisaifike komanso mpweya uzidutsa.

Zitseko muzisiye. Kucheka chitsulo cha chitseko kumatsegulira njira dzimbiri, madzi amatsika ndi galasi mpaka pamaginito, ndipo bowolo silibwerera.

Musanaboole, suzumirani kuseri

Safunsa anadya phula. Musanaike chiboolera pakhoma kapena pansi, gonani pansi pa galimoto muone chimene chili mbali inayo. Mapaipi a buleki, a petulo ndi mawaya amadutsa pansi pa kabini. Pa ma Ford F-100 ndi Chevrolet C10 a m'zaka za m'ma 1960, thanki ya petulo ili m'kabini momwemo, kuseri kwa mpando. Pagalimoto yotero musaboole ngakhale kabowo kamodzi kumeneko, ndipo ampulifaya ikhale kutali ndi thankiyo. Njira yabwino ndi kugwiritsa ntchito mabawuti amene alipo kale, kupatula a lamba wa pampando, amene sayenera kuseweretsedwa. Mukakakamizika kuboola, pakani penti m'mphepete mwa bowo musanamange sikuluwu.

Bokosi lisangokhazikidwa. Mukaponda buleki mwadzidzidzi pa Solomon Mahlangu Drive, bokosi losamanga limathawira kumapazi.

Bokosi lotseka bwino limaposa sipika yodula

Sipika imakankha mpweya kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi. Mpweya wa mbali ziwirizi ukakumana, bezi amafa. N'chifukwa chake sipika yongoponyedwa pansi pa mpando imalira ngati chitini, ngakhale itakhala ya dzina lotchuka. Ntchito ya bokosi ndi kulekanitsa mbali ziwirizo.

Gwiritsani pulayi wa mamilimita 12, kapena 16 ngati malo alipo. Thabwa la MDF limachekeka bwino koma likamwa madzi limatupa ngati buledi, choncho mulipake vanishi kawiri, m'mphepete momwe. Polumikiza mbali ikani guluu wa matabwa ndi masikuluwu, kenako mupake silikoni m'makona onse a m'kati ndi pamene waya akutulukira. Dikirani tsiku lathunthu silikoni aume musanamange sipika. M'kati muikemo thonje la m'mapilo, mongowaza, osatsendera.

Kukula kwa bokosi kuwerengeni chonchi: muyeze m'kati mwake m'masentimita, muchulukitse utali, mulifupi ndi kuya, kenako mugawe ndi 1,000. Bokosi la 30, 25 ndi 10 limapereka malita 7.5. Yerekezani ndi zimene zalembedwa pakatoni ya sipika yanu.

Pophimba, sankhani kapeti kapena nsalu yofanana mtundu ndi ya m'galimoto. Pankhope ya sipika ikani sefa yachitsulo kuti nsapato zisaiboole, pamwamba pake nsalu yopyapyala yakuda. Kuti mudziwe ngati nsaluyo ndi yoyenera, iikeni pakamwa muuzire: mpweya ukadutsa mosavuta, mawunso adutsa. Sefa yonyezimira ya kufakitale ndi chizindikiro cha kampani muzichotse.

Mawaya: apa m'pamene magalimoto amapsera

Choyamba masulani waya wa negativi pabatire. Pamawailesi ambiri a masiku ano mitundu ya mawaya ndi iyi: wachikasu amapita kubatire, wofiira kumoto woyaka ndi kiyi, wakuda kuchitsulo cha galimoto, wabuluu wa mzere woyera amadzutsa ampulifaya. Oyera ndi a sipika yakutsogolo kumanzere, otuwa kumanja, obiriwira kumbuyo kumanzere, apepo kumbuyo kumanja. Wa mzere wakuda pagulu lililonse ndiye negativi.

Masipika a m'galimoto ambiri ndi a ma ohm 4. Mukalumikiza awiri pawaya umodzi, positivi kwa positivi, amasanduka ma ohm 2, ndipo wailesi imatentha mpaka kupsa. Sipika iliyonse ikhale ndi mawaya ake. Musanyengedwenso ndi manambala akuluakulu apakatoni. Wailesi yolembedwa 4 x 50W mphamvu yake yeniyeni ndi pafupifupi mawati 20 pasipika iliyonse. Nambala yoyenera kuyang'ana ndi ya RMS.

Ngati mukuika ampulifaya kapena subwoofer, waya wake wamoto achokere kubatire mwachindunji, akhale wonenepa, wa kopa weniweni, ndipo fyuzi ikhale pasanathe masentimita 30 kuchokera pabatire. Fyuzi imeneyi imateteza galimoto yonse waya akakhudza chitsulo. Podutsa khoma la pakati pa injini ndi kabini, waya adutse m'kalabala, asakhudze m'mphepete mwa chitsulo. Waya wa negativi akhale wamfupi, womangidwa pachitsulo chimene mwapala penti mpaka kuwala. Mukamva kamluzu kokwera ndi kutsika motsatira injini, kawirikawiri vuto lili pamenepo, kapena mawaya a nyimbo ayenda limodzi ndi waya wamoto. Alekanitseni, wina adzere kumanja wina kumanzere.

Polumikiza, wotcherani ndi mtovu kapena mufinye ndi timachubu tolumikizira. Zopotokola mawaya ndi kukulunga tepi yakuda sizilimba: m'chilimwe tepiyo imamatuka. Kumbukiraninso kuti alitineta ya galimoto yakale ndi yaing'ono. Ampulifaya ya mawati 200 a RMS imatha kukoka pafupifupi ma amp 20 ikamaimba mwamphamvu. Nyali zikamaphethira motsatira bezi, mwaipitirira muyeso.

Wailesi nayo ibisike

Kubisa masipika n'kusiya wailesi yowala ngati mtengo wa Khirisimasi ndi kutaya nthawi. Ngati wailesi yakale ikadali m'dashibodi, isiyeni pomwepo ngakhale ndi yakufa, poti wakuba saifuna. Gulani kaampulifaya kakang'ono ka Bluetooth ka mavoti 12, mukabise m'kabokosi ka dashibodi kamene kuno amati cubbyhole, nyimbo muziimbira pafoni. Mukalumikize kumoto woyaka ndi kiyi kuti kasamalize batire usiku. Foniyo isankheni nyimbo musananyamuke, osati muli pamsewu.

Mukafuna zida zogwiritsidwa kale ntchito, gulani m'shopu yopereka risiti. Lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limafuna kuti ogulitsa katundu wotere alembetse kupolisi. Sipika yogulitsidwa pakona, mawaya ake odulidwa ndi mpeni, mukudziwa kale kumene yachokera, ndipo kwa ife alendo mlandu wopezeka ndi katundu wakuba ndi wolemera.

Kuyesa

Musanatseke mabokosi, tengani batire la tochi la mavoti 1.5, mugunditse mawaya a sipika kamphindi kochepa. Pepala likatulukira kunja, waya amene ali kumutu kwa batire ndiye positivi. Chitani zimenezi pasipika zikuluzikulu zokha, ma tweeter ayi. Sipika imodzi ikalumikizidwa mozondoka, ziwirizo zimalimbana ndipo bezi amasowa.

Kenako ikani nyimbo imene mumaidziwa bwino, kaya ya Lucius Banda kaya ya Black Missionaries. Liwu la woimba limveke ngati likuchokera patsogolo panu, osati kumsana. Likamveka kumbuyo, chepetsani masipika akuseri kwa mpando. Yendani pamsewu wa mabampu muli chete, mumvetsere chimene chikugwedera, muchitsekere ndi kasiponji. Pomaliza tsikani, tsekani zitseko, muzungulire galimoto mukusuzumira pawindo lililonse ngati munthu wa zolinga zoipa. Mukaona waya, sefa kapena kanyali, ntchito sinathe.

Chotsala ndi khalidwe lanu. Zomata za makampani a masipika musaziike pagalasi. Voliyumu ikhale yoti muzimva hutala ya taxi, kulira kwa ambulansi ndi injini yanu, poti galimoto yakale imanena matenda ake ndi mawu. Ndipo mukatsala pang'ono kufika pamene mumagoneka galimoto, tsitsani nyimbo. Mukalowa m'mudzi bezi ali di! di! di!, mwaulula nokha zonse zimene munabisa.