Kunyika nsalu ya thonje mu utoto wa zomera kuti isasuluke

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli mukhale mutadziwa zinthu zitatu: kukonza nsalu ya thonje kuti ilandire utoto, kugwiritsa utotowo pansalu, ndi kuyesa ngati ntchito yanu ndi yoyenera kupita nayo kumsika.

Mawu oyamba

Masamba, makoko ndi makungwa ambiri amatulutsa madzi amtundu mukawaphika. Nsalu yonyikidwa m'madzi otere imatuluka yokongola, koma nthawi zambiri ikachapidwa kawiri imasuluka. Wogula akaona zimenezi sabweranso, ndipo amauza anzake. Nsalu, nkhuni ndi masiku anu zimapita pachabe.

Chisanafike chaka cha 1856, pamene William Perkin wa ku England anapanga utoto woyamba wa m'fakitale, anthu ankanyika nsalu mu utoto wochokera ku zomera, tizilombo ndi dothi, ndipo zina mwa nsaluzo zidakali ndi mtundu wake mpaka lero. Luso lawo linali pokonza nsalu isanalowe mumphika wa utoto. Phunziro lathu lagona pamenepo.

N'chifukwa chiyani thonje limakana utoto?

Ulusi wa thonje uli ndi phula lachilengedwe, ndipo nsalu yatsopano imabwera ndi sitachi wa kufakitale. Ziwirizi zimatchinga madzi. Ngakhale mutazichotsa, thonje palokha siligwirana bwino ndi utoto wa zomera zambiri. Pamafunika zoyimira pakati ziwiri.

Choyamba ndi tanini. Ameneyu ndi amene amachititsa khambi lomanga mkamwa mukaluma nthochi yosapsa kapena mukamwa tiyi wopsa kwambiri wopanda shuga. Amapezeka wambiri m'masamba a gwafa, a bulugamu ndi a tiyi. Tanini amamatirira ku thonje mosavuta.

Chachiwiri ndi chogwiritsa utoto, chomwe ndi alamu kapena madzi a dzimbiri. Alamu ndi mwala woyera wooneka ngati mchere wamiyala, ndipo ena amadzola akatha kumeta ndevu. Funsani m'mafamase kapena m'masitolo a zokometsera zakudya. Alamu amagwira pa tanini, utoto n'kugwira pa alamu. Zili ngati kumanga nyumba: maziko, khoma, kenako denga. Mukadumpha chimodzi, chapamwambacho chimagwa.

Alamu amawalitsa mtundu, pamene dzimbiri limaudetsa. Ku Mali, nsalu yotchuka ya bogolan amayamba kuinyika m'madzi a masamba okhala ndi tanini, kenako amailemba ndi matope okhala ndi chitsulo. Pamene matope akhudza pamada bii.

Ambiri amakhulupirira kuti mchere umagwiritsa utoto. Tisatsutsane pakamwa. Tiyesa tione.

Zofunika pa gulu lililonse la anthu 5 kapena 6

- Nsalu yoyera ya thonje yolemera magalamu 100, yodulidwa zidutswa 5 zofanana. Nsalu yoyala pabedi ya pa kaunjika imachita bwino.
- Phulusa la chidulo ndi sopo wamtanda.
- Masamba a gwafa aawisi magalamu 100.
- Makoko ouma a anyezi magalamu 50. Yambani kutolera msanga kwa ogulitsa anyezi pamsika.
- Alamu wosinja, supuni ya tiyi imodzi yodzaza.
- Mchere, misomali yadzimbiri yodzaza m'manja, viniga kapu imodzi.
- Mphika waukulu wosachita dzimbiri, ndowa, mthiko, kansalu kosefera, sikelo, katoni ndi kope.

Musanadule nsalu, tsimikizani kuti ndi thonje lenileni. Solani ulusi pang'ono n'kuutentha. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa. Ulusi ukasungunuka n'kusanduka kampira kolimba, imeneyo ndi poliyesitala, ndipo siigwira utoto wa zomera.

Kutatsala milungu iwiri: madzi a dzimbiri

Ikani misomali m'botolo. Thirani kapu imodzi ya viniga ndi makapu awiri a madzi. Musatseke kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya. Pakatha milungu iwiri madziwo amakhala atasintha mtundu. Lembani pabotolo kuti si zakumwa ndipo liikeni patali ndi ana.

Tsiku loyamba: kutsuka ndi kuika tanini

1. Chezani chidulo monga mumachitira cha therere. Thirani lita imodzi ya chidulo m'malita 4 a madzi, muonjezere sopo pang'ono.
2. Wiritsani zidutswa zonse kwa ola limodzi, mukutakasa. Madzi akasanduka achikasu, ndiye kuti phula ndi sitachi zikutuluka. Akada kwambiri, bwerezani ndi madzi ena. Tsukuluzani bwino.
3. Sokererani ulusi pakona ya chidutswa chilichonse n'kumanga mfundo: imodzi pa choyamba, ziwiri pa chachiwiri, mpaka zisanu.
4. Chidutswa 1 chiyanikeni basi. Chidutswa 2 chigone m'madzi a mchere.
5. Dulani masamba a gwafa, aphikeni ola limodzi m'malita 3 a madzi, n'kusefa. Madziwo akadali otentha, vikani zidutswa 3, 4 ndi 5. Zigone momwemo, zitamira zonse.

Tsiku lachiwiri: alamu

Muyezo wake ndi magalamu 15 a alamu pa magalamu 100 aliwonse a nsalu youma. Zidutswa zathu ziwiri zikulemera magalamu 40, choncho alamu wake ndi magalamu 6.

1. Vuulani zidutswa za mu tanini, zifinyeni n'kutsukuluza pang'ono. Chidutswa 3 chiyanikeni pamodzi ndi chidutswa 2.
2. Sungunulani alamu m'kapu ya madzi otentha, kenako thirani m'malita 2 a madzi ofunda.
3. Vikani zidutswa 4 ndi 5. Zitembenuzeni pafupipafupi pa ola loyamba kuti zisachite mawanga. Zigone momwemo.
4. Madzulo omwewo vikani makoko a anyezi m'malita 5 a madzi.

Musachulukitse alamu poganiza kuti mtundu ugwira kwambiri. Wotsalayo amangokhala pamwamba pa nsalu n'kuchoka ndi utoto pochapa.

Tsiku lachitatu: kunyika

1. Phikani makoko a anyezi pamoto wochepa kwa ola limodzi. Sefani. Kakoko kotsalira kamasiya banga.
2. Tsukuluzani bwino zidutswa 4 ndi 5. Nyowetsani zinazo, chifukwa nsalu youma imamwa utoto mosafanana.
3. Ikani zidutswa zonse mumphika umodzi. Zikhale ndi malo oyendayenda. Moto ukhale woti madzi azingotuluka nthunzi, osabwata, kwa ola limodzi. Takasani mphindi 10 zilizonse.
4. Phulani mphika, nsalu zizizirire momwemo.
5. M'ndowa ina thirani malita 2 a madzi ndi masupuni aakulu awiri a madzi a dzimbiri osefa. Vikani chidutswa 5 chokha. Chiyang'anitsitseni, mtundu umasintha msanga. Pasanathe mphindi 5 chivuuleni n'kuchitsukuluza kwambiri. Dzimbiri likachuluka limafooketsa ulusi, nsalu n'kumang'ambika msanga.
6. Yanikani zonse pamthunzi. Zikhale mlungu umodzi musanazichape ndi sopo.

Nsalu yonyowa imaoneka yakuda kuposa mmene idzakhalire ikauma, choncho musaweruze mtundu pamphika. Makoko a anyezi akhofi, pa nsalu ya alamu, amapereka chikasu chowala. Makoko ofiira amapereka chikasu chopita kobiriwira. Dzimbiri limasandutsa mitunduyi kukhala yobiriwira modera kapena yotuwa.

Kuyesa ntchito yathu

Dulani chidutswa chilichonse patatu, ndipo lembani nambala yake pa gawo lililonse.

- Gawo loyamba lisungeni m'kope, pamdima. Limeneli ndi loyerekezera.
- Gawo lachiwiri lichapeni ndi sopo kasanu, mukuyanika pakati. Pochapa koyamba ikanimo kansalu koyera kuti muone ngati utoto ukuchucha.
- Gawo lachitatu liphimbeni theka ndi katoni, n'kuliika padzuwa milungu iwiri. Kenako chotsani katoni muone kusiyana kwake.

M'kope lembani tsiku, chomera, kulemera kwa nsalu, muyezo wa chilichonse, nthawi yophika, ndi kumene munatunga madzi. Madzi a mijigo ina ali ndi chitsulo, ndipo amadetsa chikasu ngakhale musanathire dzimbiri. Gulu lina likapeza mtundu wosiyana ndi wanu, yambani kufunsa za madzi ndi mphika.

Mayesowa muziwachita pa chomera chilichonse chatsopano. Chidede, mwachitsanzo, chimatulutsa madzi ofiira okopa maso, koma mtundu wake umasintha ukakumana ndi sopo ndipo sukhalitsa padzuwa. Nthangala za mapeyala, masamba a mango ndi a bulugamu n'zoyenera kuyesa pa ulendo wachiwiri.

Kudziteteza ndi kuteteza mitengo

- Mphika ndi mthiko wa utoto zisabwererenso kukhitchini.
- Chidulo ndi madzi a dzimbiri zimawononga khungu. Valani magolovesi kapena mapepala apulasitiki m'manja, ndipo samalani maso.
- Phikirani panja, ana ali patali.
- Madzi otsala atayeni m'dzenje, kutali ndi chitsime, mtsinje ndi dziwe la nsomba. Masamba ophikawo apite ku kompositi.
- Ziwiya za dzimbiri zikhale pazokha. Dontho limodzi limasiya banga lakuda pa nsalu yachikasu.
- Musasende khungwa kuzungulira mtengo. Chakudya chochokera kumasamba chimatsikira kumizu kudzera m'kati mwa khungwa, ndipo mukadula njirayo mtengo umauma. Mlombwa ndi mbawa zili ndi mtundu, koma ndi mitengo yotetezedwa ndi malamulo a zankhalango. Gwiritsani ntchito masamba, makoko ndi nthambi zosadzira.

Mukafuna kugulitsa

Gulitsani zokhazo zimene zapambana mayeso onse awiri. Yambani ndi zinthu zazing'ono monga mipango, zikwama ndi nsalu za patebulo, chifukwa chitenje chathunthu chimafuna mphika waukulu kuti chisachite mawanga. Poika mtengo werengerani nsalu, alamu, viniga, sopo, nkhuni ndi masiku atatu a ntchito yanu. Muuzeni wogula zoona: achape ndi madzi ozizira ndi sopo wamtanda, asathire jiki, ayanike pamthunzi, ndipo mtundu udzapepuka pang'ono pakapita nthawi.

Mafunso okambirana pa msonkhano wotsatira

1. Ndi chidutswa chiti chasunga mtundu pochapa? Nanga padzuwa?
2. Chidutswa cha mchere chasiyana bwanji ndi chidutswa 1?
3. Kumene alamu sapezeka, kodi mtundu wa chidutswa 3 ungagulitsike? Bwanji tanini ndi dzimbiri zokha?
4. Ndi zomera ziti za m'dera lino zimene tingakolole chaka ndi chaka popanda kuziwononga?

Ntchito ya kunyumba

Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu zimene ankagwiritsa ntchito posintha mtundu wa nyanda, mlaza kapena khonje. Lembani dzina la chomeracho, mbali imene ankatenga, ndiponso ngati ankaonjezera matope kapena phulusa. Bweretsani masamba ake pang'ono, pamodzi ndi zidutswa zanu zonse 15 zitamatidwa m'kope.