MAFUWA ATATU: PHUNZIRO LA NKHUKU, AKALULU NDI DIMBA LA PAKHOMO

Ambiri a inu, abale ndi alongo, muli nao ana kapena adzukulu amene anatsata mseu wa Great East Road kunka ku Lusaka kukafuna nchito. Akabwera kudzaceza kumudzi, mau ao amakhala amodzi: m'tauni kanthu kali konse nkogula. Tsamba la cibwabwa, limene kwathu kuno limangoyanga kuseri kwa nkhokwe, kumeneko liri ndi mtengo wace. Cifukwa cace caka cino takulemberani phunziro la ziweto zazing'ono ndi dimba la pakhomo, monga amacitira mabanja ena a ku Lusaka. Pakuti nzeru imene munthu aiphunzira pa malo opanikiza ithandizanso iye wokhala pa malo otakasuka.

1. Msika wa Soweto

Tiyambe ndi msika, kumene ndiwo za mzinda zimadzera. Lusaka anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, pamene boma la atsamunda linasamuka ku Livingstone. Ndipo pa kalembera wa 2022 anthu a m'boma la Lusaka anapitirira 2,000,000. Onsewo afuna ndiwo tsiku ndi tsiku. Gawo lalikuru la ndiwozo lifikira pa msika wa Soweto, ca kumadzulo kwa masitolo a pakati pa mzinda, msika umene dzina lace linacokera ku Soweto wa ku Johannesburg. Kusanace, malole afika ocokera ku Chongwe, ku Chibombo ndi ku Mkushi, atasenza matimati m'mabokosi, anyezi m'matumba, repu ndi kabici. Pamenepo amai a m'misika ya ku Kabwata, ku Chelstone ndi kwina adzapikula, nakagulitsanso m'timiyulu ndi m'timitolo.

Pa msika umenewu mlimi kawirikawiri sagulitsa yekha. Alipo anthu oimira pakati, amene apeza ogula, nalandira gawo lao pa mtengowo. Ndiponso mtengo suli m'manja mwa mlimi. Malole akafika ambiri tsiku limodzi, bokosi limene dzulo linali la mtengo wapatali lero ligulidwa ndi ndalama zocepa, pakuti matimati salindira munthu, akapsa apsa. Cotero mwini dimba laling'ono sangathe kupikisana ndi malole. Mphamvu yace iri pena: pa mphika wa m'nyumba mwace, ndi pa anansi ace amene afuna dzira la lero ndi masamba othyoledwa m'mawa womwewo.

Msika nao uli ndi masiku ace oipa. Nthenda ya kolera inabuka mu Lusaka mu Okutobala 2017, ndipo kuciyambi kwa 2018 msika wa Soweto unali wotseka, asilikari alikusesa ndi kucotsa malonda m'miseu. Inabukanso mu Okutobala 2023, kufikira bwalo la masewero la National Heroes linasanduka cipatala mu Januwale 2024. Ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. M'masiku otere ndi pamene munthu azindikira kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

2. Malo sacepa

Mabwalo a ku Lusaka salingana. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene atsamunda anadzipimira okha malo, mapuloti ali akuru, ndi mitengo ya zipatso. Ku Kabwata, kumene boma lomwelo linamangira anchito acikuda tinyumba tozungulira ta udzu (tina ticaliko ku Kabwata Cultural Village), bwalo liri lopanikiza. Koma pa malo a mikwamba khumi m'litali ndi isanu m'lifupi banja likhoza kuika nkhuku khumi, akalulu akazi awiri ndi wamphongo mmodzi, ndi mabedi asanu a ndiwo. Wosowa dothi abzale m'matumba ndi m'zidebe zobooka. Koma wokhala nyumba ya lendi ayambe wapempha mwini nyumba, ndipo onse afunse ku khonsolo malamulo a ziweto m'tauni. Pakuti pfungo la khola ndi nchenche zace zadanitsa anansi ambiri.

3. Mafuwa atatu

Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Momwemonso khomo lotere liima pa zinthu zitatu zodyetsana. Dimba lipatsa akalulu masamba otsala ndi udzu wozulidwa m'mabedi. Lipatsa nkhuku mphutsi ndi masamba obooka. Akalulu ndi nkhuku abwezera dimba manyowa. Ndipo zonse zitatu zipatsa banja ndiwo: masamba tsiku liri lonse, mazira kawirikawiri, nyama pa nthawi yace. Mukacotsa cimodzi, zotsalazo zifuna ndalama: dimba lopanda khola lifuna feteleza wogula, khola lopanda dimba lifuna cakudya cogula.

4. Nchito ya tsiku

Nchito yace siiri yolemetsa, koma siidziwa tsiku lopuma. Ciweto cimva ludzu ngakhale pa Sondo. M'mamawa, dzuwa lisanakwere, mmodzi atsegulire nkhuku, atsuke zomwera ndi kuthiramo madzi abwino, napenye ngati iripo yoodzera. Wina athirire dimba. Ana pobwera ku sukulu athyole cisoso ndi masamba a mbatata, ndi kuwayanika pa mthunzi kuti afote pang'ono. Masana atole mazira. Madzulo apatse akalulu cakudya cambiri, pakuti iwo adya makamaka usiku. Awerenge nkhuku ndi kutseka khola. Pa Loweruka asese makola onse ndi kututira ndowe pa mulu. Atate asasiyire amai ndi ana nchito yonse, iwo nkumangoonekera tsiku logulitsa. Ndi cinthu cabwino kupatsa mwana ali yense kalulu wace kapena thadzi lace. Mwana wosamala cace aphunzira msanga kusamala ca wina.

5. Za nkhuku

Thadzi la cikuda liikira mazira 10 kufikira 15, nilifungatira masiku 21. Musaliikire oposa 12, kuti onse afundidwe. Mmera mpoyamba: anapiye ambiri afa m'masabata oyamba, ndi cisanu ca Juni ndi Julayi, ndi mphamba, ndi amphaka. Atsekereni pamodzi ndi make m'kakhola kouma kufikira atamera nthenga, muwapatse gaga wosakaniza ndi soya wokazinga ndi kusinja, kapena zinyenyeswa za kapenta. Thadzi loikira lidya magalamu ngati 120 pa tsiku, ndipo likasowa madzi lileka kuikira. M'zisa muwazemo phulusa cifukwa ca utitiri.

Mdani wamkuru ndiye citopa, cimene ena ati cideru. Azungu anacipatsa dzina la mzinda wa Newcastle ku England, kumene cinaoneka m'caka ca 1926. Cicuruka m'miyezi ya malimwe. Nkhuku iodzera, mapiko agwa, itsekula zobiriwira, nthawi zina khosi lipotoka. Ndipo m'masiku owerengeka khola liri mbee. Mankhwala ociza kulibe, koma katemera alipo. Wina, wa dzina la I-2, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, miyezi inai iri yonse, ndiko kuti katatu pa caka. Funsani alangizi a ziweto, ndipo anansi mugwirizane kutemera tsiku limodzi. Nkhuku yogula ku msika kapena yopatsidwa ndi mlendo muisunge payokha masabata awiri isanalowe m'khola. Yakufa ndi nthenda muikwirire mozama, musaiponye kudzala.

6. Za akalulu

Kalulu woweta si yemwe uja wa m'nthano zathu. Wa kuthengo abala ana aubweya, openya kale. Koma woweta, amene makolo ace anacokera ku Spain ndi Portugal, abala ana amaliseche ndi osapenya, ndipo maso ao atseguka atatha masiku ngati 10. Cifukwa cace afuna khola. Likhale lokwezeka pa misanamira, kuopa agaru, makoswe ndi linthumbu. Pansi pace pakhale mipata yogwetsera ndowe. Ndipo likhale pa mthunzi, pakuti dzuwa la Okutobala lipha akalulu msanga koposa cisanu.

Wamkazi ayamba kukweredwa ali ndi miyezi 5 kapena 6. Mumtengere iye ku khola la wamphongo, si wamphongo kwa iye, cifukwa wamkazi amenya mlendo m'nyumba mwace. Bere lace ndi la masiku ngati 31. Pa tsiku la 28 muikemo kabokosi ka udzu wouma, ndipo iye adzadzisosola ubweya kuyalira ana. Abala ana 6 kufikira 8; aleke kuyamwa pa masabata 6 kapena 8, ndipo pa miyezi 4 kapena 5 afika pophedwa. Tawerengani: wamkazi mmodzi akabala kanai pa caka, ana 6 ulendo uli wonse, ndiwo 24. Ngakhale ena afe, akazi awiri apatsa banja nyama masabata ambiri a caka.

Cenjerani ndi zinthu zitatu. Musawapatse masamba a matimati kapena a mbatata ya cizungu. Musawapatse masamba ounjikidwa kufikira atentha ndi kubvunda, pakuti atupitsa mimba. Ndipo masamba a kabici otoledwa ku msika muwatsuke bwino, cifukwa simudziwa tsiku limene anapoperedwa mankhwala. Ponyamula kalulu musagwire makutu. Gwirani cikopa ca pa mapewa, dzanja lina licirikize kumbuyo.

7. Za dimba

Ndowe za akalulu mukhoza kuthira m'mabedi pomwepo, koma zitosi za nkhuku zatsopano ziocha mbeu. Muziunjike pamodzi ndi udzu, masamba ndi phulusa pang'ono, muzinyowetse ndi kuzitembenuza, ndipo pakutha miyezi iwiri kapena itatu zasanduka dothi lakuda. Mvula ya ku Lusaka igwa kuyambira Novembala kufikira Malici kapena Epulo. M'dzinja bzalani cibwabwa, bondwe, therere, impwa ndi mbatata, zimene siziopa mvula. Repu, kabici ndi anyezi zikondwera ndi miyezi yozizira. Musabzale matimati pa bedi limodzimodzi caka ndi caka, makamaka cifikire m'dziko muno, m'caka ca 2016, kambozi koboola matimati ka dzina la Tuta absoluta. Fesani pang'ono masabata awiri ali onse, kuti ndiwo zisakhwime zonse tsiku limodzi, ndipo phimbirani mabedi ndi udzu kusunga cinyontho.

Za madzi cenjerani koposa. Mzinda wa Lusaka wakhala pa thanthwe la laimu la ming'alu, ndipo madzi a m'zimbudzi zokumba alowa msanga m'zitsime zosaya. Musathirire ndiwo ndi madzi a m'ngalande. Khola ndi mulu wa manyowa zikhale kutali ndi citsime. Ndipo muzisamba m'manja ndi sopo pocokera ku khola. Mau awa ali a kumudzi komwe.

8. Kodi Mkristu adye kalulu?

Funso ili lifunsidwa kawirikawiri, cifukwa pa Levitiko 11 ndi pa Deuteronomo 14 kalulu awerengedwa pakati pa nyama zoletsedwa kwa Aisrayeli. Mipingo yambiri, powerenga Marko 7 ndi Macitidwe 10, iphunzitsa kuti malamulo a zakudya aja sammanga Mkristu. Ena, monga abale a Adventist, awasungabe. Werengani Aroma 14, ndipo mudzaona kuti si nkhani yonyozerana. Wosadya aweteko nkhuku zambiri ndi nkhunda. Wakudya asaikire mlendo nyama ya kalulu osamuuza.

9. Mphika poyamba, msika pambuyo

Apa ndipo pagona phunziro lonse. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 a m'Zambia osafika zaka 5, ana 35 anali opinimbira. Ena a iwo akulira pa makomo a nkhuku zambiri, koma mazira onse anka ku msika, kapena akuru aletsa ana ndi amai apakati kudya mazira cifukwa ca miyambo yopanda maziko. Dzira silidwalitsa mwana. Limanga thupi lace. Cotero gawani motere: coyamba ca ana ndi amai oyamwitsa, caciwiri cofungatiritsa kuti khola lisathe, cacitatu ca mnansi wodwala kapena wamasiye, ndipo cotsala ndico ca malonda.

Pogulitsa khalani oona. Munthu woona citopa m'khola mwace nathamangira ku msika ndi nkhuku zotsala wagulitsa imfa ya makola a anzace. Wopopera repu lero namthyola mawa wadyetsa ana a eni mankhwala. Werengani pa botolo masiku olindira, ndi kuwasunga. Lembani m'kabuku ndalama zoturuka ndi zolowa, kuti mudziwe ngati nkhuku zikudyetsani, kapena inu ndinu mungozidyetsa.

Ndipo inu a kumudzi, mwana wanu akamabwerera ku Lusaka, musampatse ufa wokha. Mpatseninso mbeu za maungu ndi za bondwe, ndi mpesa wa mbatata. Ufa udzatha mwezi usanathe, koma mbeu idzamdyetsa kufikira adzabwerenso.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ninji mwini dimba laling'ono sangathe kupikisana ndi malole a pa Soweto?
2. Fotokozani umo dimba, nkhuku ndi akalulu zidyetsana.
3. Citopa cifika mwezi uti m'mudzi mwanu, ndipo ndani angasonkhanitse anthu kuti atemere pamodzi?
4. Pa khomo panu, mazira a sabata yatha anadya ndani?